GPX1 ya munthu yopangidwa mu E. coli: musanalipire, fufuzani ngati seleniyamu alimodi

Kabotolo kake sikaposa chala chachikulu cha m'manja, ndipo zimene zili m'katimo mwina simungazione n'komwe: kadontho kooneka ngati madzi, kapena kaufa koyera komatirira pansi. Pachizindikiro pamalembedwa dzina la puloteni, glutathione peroxidase 1 ya munthu, mwachidule GPX1 (enzaimu yodalira seleniyamu imene imaphwanya peroxide m'maselo), kenako muyeso wake, 10, 50 kapena 100 µg, ndi chenjezo lakuti n'za kafukufuku basi, si mankhwala opatsa wodwala. Makampani angapo akunja amagulitsa chinthu chomwechi ndipo mapepala awo amafanana kwambiri, choncho pano tikuunika mtundu umene umapezeka kawirikawiri: wopangidwa m'bakiteriya wa E. coli, wokhala ndi His-tag (kachidutswa kowonjezedwa pa puloteni kothandiza poiyeretsa), woyeretsedwa kufika 90 kapena 95 peresenti pa SDS-PAGE (gel yolekanitsa mapuloteni malinga ndi kukula kwake).

Tineneretu maganizo athu. Ndi katundu wabwino pa ntchito ziwiri kapena zitatu, koma pa ntchito imene ambiri kuno amaigulira, ndiko kuyeza mphamvu ya enzaimu, n'kutaya ndalama.

Chimene ofufuza a ku Lilongwe amaifunira n'chomveka. Dothi la madera ambiri a dziko lino ndi la asidi ndipo silipereka seleniyamu wokwanira ku mbewu, ndiye chimanga chimene timadya tsiku ndi tsiku chimatuluka choperewera. Kafukufuku wa chimanga ndi dothi amene adafalitsidwa mu 2011 adaonetsa zimenezi, n'kuonetsanso kuti chimanga cholimidwa pa makande a kuchigwa cha Shire chimakhala ndi seleniyamu wochuluka kuposa cha kumtunda. Magazi amene adatengedwa pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adasonyeza kuti amayi oposa theka a msinkhu wobereka alibe seleniyamu wokwanira kuti GPX3, enzaimu ya banja lomweli yopezeka m'plasma, igwire ntchito mokwana. Mu 2019 mabanja a kwa Wimbe ku Kasungu adalandira ufa wa chimanga cholimidwa ndi feteleza wothiridwa seleniyamu, ndipo seleniyamu wa m'magazi mwawo adakwera. Ndiye wophunzira wa ku Bunda kapena wa labotale ya chipatala akafuna kuona ngati seleniyamuyo akugwiradi ntchito m'thupi, amaganiza za GPX, n'kuyamba kusaka puloteni yoyera yoti aziyerekeza nayo zitsanzo zake.

Pamene pagona nkhani

GPX1 ili ndi ma amino asidi 203, koma mwini ntchito ndi imodzi yokha, ya pamalo a 49: selenocysteine, imene imalembedwa ndi chilembo U. Imafanana ndi cysteine m'zonse, kungoti pamene cysteine ili ndi salufa, iyo ili ndi seleniyamu. Atomu imodzi yokhayo imasintha zambiri. pKa (pH imene theka la mamolekyulu limakhala litataya pulotoni) ya selenocysteine ili pafupi ndi 5.2 pomwe ya cysteine ili cha m'ma 8.3, kutanthauza kuti pa pH ya m'selo seleniyamuyo amakhala atataya kale pulotoni yake, ali tcheru kulimbana ndi hydrogen peroxide, pomwe salufa wambiri amakhala akadali womangika.

M'jini, selenocysteine imalembedwa ndi UGA, zilembo zitatu zimene mwachizolowezi zimauza ribosome kuti ima, puloteni yathera pano. Selo la munthu limatha kusiyanitsa chifukwa cha kachingwe kopindika ka mRNA kotchedwa SECIS, kamene kamakhala kumchira, kupitirira pothera puloteni, ndipo kamagwirizana ndi mapuloteni othandiza a SBP2 ndi eEFSec. E. coli nayenso amaika selenocysteine m'ma enzaimu ake a formate dehydrogenase, koma SECIS yake imakhala pompo UGA itangotha, m'kati mwa jini, ndipo puloteni yake yothandiza, SelB, siidziwa SECIS ya munthu. Mukalowetsa jini ya munthu mmene ilili, bakiteriyayo akafika pa UGA amaima n'kutulutsa kachidutswa ka ma amino asidi 48 kopanda ntchito. Apo ndi apo amadutsapo poikapo tryptophan, zimenenso sizithandiza kanthu.

Opanga ambiri amalambalala vutoli posintha UGA kuti ikhale zilembo za cysteine. Puloteni imatuluka yathunthu, yochuluka, yosavuta kuyeretsa, ndipo imapindika pafupifupi ngati yeniyeni. Koma seleniyamu mulibemo ngakhale atomu imodzi. Kafukufuku wa zaka za m'ma 1990 pa GPX zosinthidwa motere adapeza kuti liwiro lake limatsika pafupifupi ka 1,000. Pa thioredoxin reductase, puloteni ina yotchuka ya seleniyamu, kusintha komweku kumatsitsa liwiro pafupifupi ka 100. Sitikunena kuti ogulitsa amaba. Ambiri amalemba ndithu, koma amalemba m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa pepala, pomwe pamwamba pali dzina lalikulu la puloteni ya seleniyamu limodzi ndi ndime yofotokoza zimene enzaimu yeniyeni imachita m'thupi. Wogula amene wangowerenga pamwambapo amapusitsidwa ndi ndime imeneyo.

Kuwerenga pepala lake kumatenga mphindi ziwiri. Fufuzani mawu akuti U49C kapena Sec49Cys, kutanthauza kuti selenocysteine ya pamalo a 49 yasinthidwa kukhala cysteine. Ena amalemba U47C, ndipo ndi chinthu chomwecho: kumayambiriro kwa GPX1 kuli mzere wa ma alanine umene kutalika kwake kumasiyana pakati pa anthu, kuyambira asanu mpaka asanu ndi awiri, ndiye manambala amasuntha ndi awiri. Ngati sadalembe, pitani pa mndandanda wa ma amino asidi, mupeze zilembo NVASL, muone chilembo chotsatira. Pa puloteni yeniyeni pamakhala U, kenako GTT. Mukapeza C, S kapena G (cysteine, serine kapena glycine), mwadziwa chimene mukugula. Mukapeza kuti mndandandawo wayambira kupitirira malo amenewo, ndiye kuti akugulitsani chidutswa chabe, chopanda ngakhale malo ogwirira ntchito, chimene chidapangidwira kudzutsa ma antibody.

Nanga mukapeza U? Musakondwe msanga. Ena amangokopera mndandanda wa pa UniProt, nkhokwe ya pa intaneti ya mapuloteni, nambala P07203, osati wa puloteni imene ili m'botolo. Njira zoikiradi selenocysteine zilipo. Gulu la Elias Arnér ku Karolinska Institutet, ku Stockholm, lidaonetsa mu 1999 kuti mukamatika SECIS ya bakiteriya kumchira kwa jini ya thioredoxin reductase, E. coli amaika seleniyamu. Zidatheka chifukwa pa enzaimu imeneyo selenocysteine ndi yachiwiri kuchokera kumapeto, choncho SECIS imagwera kunja kwa puloteni. Pa GPX1 ili pakatikati, ndiye pamafunika njira zina, monga mtundu wa E. coli wochotsedwa RF1 (puloteni yoimitsa ribosome pa UAG) umene umawerenga UAG ngati selenocysteine, kapena kupangira m'maselo a nyama zoyamwitsa. Puloteni yopangidwa choncho imadula kwambiri, ndipo woipanga amanyadira kulemba njira yake, peresenti ya mamolekyulu amene alandiradi seleniyamu, ndi mphamvu yake mu U/mg (mayuniti a mphamvu ya enzaimu pa miligalamu; U ameneyu si wa selenocysteine). Pepala likakhala chete pa zitatu zimenezi, kukayikira kuli m'malo. Palinso njira yodyetsa selenocystine kwa bakiteriya wosatha kupanga cysteine. Imeneyo imalowetsa seleniyamu paliponse pamene panali cysteine, ndipo popeza GPX1 ili ndi ma cysteine ena, chotulukacho sichifanana ndi cha m'thupi.

Gel siingakuuzeni zimenezi. Seleniyamu amalemera kuposa salufa ndi ma dalton 47 okha, ndipo pa puloteni ya 22 kDa kusiyana kotere sikuoneka pa SDS-PAGE. Chimene chimaona ndi mass spectrometry ya puloteni yathunthu, kapena kupima seleniyamu yemweyo pa makina a ICP-MS. Masamu ake ndi awa: 50 µg ya puloteni ya 24 kDa, kuphatikiza His-tag, ndi 2.1 nmol, ndipo molekyulu iliyonse itakhala ndi seleniyamu wake, m'botolo mungapezeke pafupifupi 165 ng. Zitsanzo zambiri za kafukufuku wa seleniyamu wa dziko lino zidakapimidwira ku Nottingham, choncho amene ali ndi bokosi lopita kunja angathe kuikamo kachubu kamodzi ka puloteniyi.

Pamene imagwira bwino

Pa Western blot, njira yopezera puloteni ndi antibody itatha kulekanitsidwa pa gel, timaiyamikira popanda chokayikitsa. Antibody siisamala ngati pamalo a 49 pali salufa kapena seleniyamu, bola mbali imene imagwirapo ilipo. Thirani 5 mpaka 20 ng pa gel ya 12 kapena 15 peresenti pambali pa zitsanzo zanu. Mzere wake udzaima pamwamba pang'ono, cha m'ma 24 kDa, pomwe wa m'maselo uli cha m'ma 22, ndipo kusiyanako n'kwa His-tag, si vuto. Ngati puloteni yanu ili ndi GST-tag, onjezerani 26 kDa. Imathandizanso kutsimikiza kuti mzere umene mukuona ndi GPX1 yeniyeni: sakanizani antibody ndi puloteniyi mochuluka kasanu kapena kakhumi, muisiye ola limodzi, kenako muithire pa membrane. Mzere woona umazimiririka, wachilendo umatsala.

Kuyesa kumeneku n'kofunika kwambiri pa maselo ofiira a magazi. Hemoglobin imadzaza gel cha m'ma 16 kDa, imamwazikira m'mwamba, ndipo heme yake imatha kuyatsa ECL, mankhwala owalitsa mizere pa membrane, payokha popanda antibody iliyonse. Munthu angaone chikuda pafupi ndi 22 kDa n'kuchilemba kuti ndi GPX1. Chepetsani puloteni imene mukuthira, ndipo siyani kachigawo kamodzi ka membrane kopanda antibody yoyamba.

Pa ELISA, njira yopimira kuchuluka kwa puloteni ndi antibody, imagwira ngati muyeso woyerekezera, komanso poithira m'chitsanzo kuti muone ngati kit yanu ikubweza zimene mwaikamo. Koma apa ambiri amasokoneza mayina. GPX ya m'plasma ndi GPX3, imene imapangidwa makamaka ndi impso. GPX1 imakhala m'kati mwa maselo. Mukaipeza yambiri m'plasma, kawirikawiri ndiye kuti maselo ofiira adasweka potenga magazi kapena panjira yochokera kumudzi, ndipo mtundu wofiirira wa plasmayo udzakuuzani. Kugula GPX1 kuti muyerekeze nayo plasma n'kusokera kuyambira poyamba.

Kwa amene akufufuza kapangidwe ka puloteni kapena kugwirana kwake ndi mapuloteni ena, mtundu wopanda seleniyamu uli bwino ndithu. Ngakhale chithunzi cha kristalo cha GPX1 ya munthu chimene chili mu PDB, nkhokwe ya kapangidwe ka mapuloteni, chidachokera pa puloteni imene selenocysteine yake idasinthidwa kukhala glycine.

Kuiyesa ikangofika

Musadalire pepala, iyeseni nokha, ndipo muiyese sabata yoyamba mpata wodandaula kwa wogulitsa usanatseke. Njira yake ndi yakale, ya Paglia ndi Valentine ya 1967, ndipo spectrophotometer iliyonse yowerenga pa 340 nm imakwanitsa. GPX imagwiritsa ntchito glutathione pophwanya peroxide, glutathione reductase imabwezeretsa glutathioneyo podya NADPH, ndipo inu mumaonerera NADPH ikutha.

Mu cuvette ya 1 mL ikani potassium phosphate 50 mM ya pH 7.0, EDTA 1 mM, glutathione 1 mM, glutathione reductase 1 U, NADPH 0.2 mM, ndi sodium azide 1 mM yoletsa catalase, enzaimu ina yophwanya hydrogen peroxide. Thirani chitsanzo, mudikire mphindi zisanu pa 25 °C, kenako muyambitse ndi hydrogen peroxide kufika 0.25 mM, n'kumawerenga masekondi 15 aliwonse kwa mphindi zitatu. Pakhale ma cuvette a mitundu inayi: yopanda enzaimu koma yokhala ndi buffer imene puloteniyo idabweramo, ya GPX ya m'magazi a ng'ombe imene imagulitsidwa ili ndi seleniyamu wake wachibadwa, ya puloteni yanu pa miyeso itatu yosiyana, ndi ya puloteni yanu yowiritsidwa mphindi zisanu.

Powerengera, chotsani kutsika kwa cuvette yopanda enzaimu, mugawe chotsalacho ndi 6.22, nambala imene NADPH ya 1 mM imawerenga pa 340 nm kuwala kukadutsa 1 cm. Mwachitsanzo, kutsika kwa 0.062 pa mphindi mu 1 mL ndi 0.01 µmol pa mphindi, ndiye kuti 10 mU. Ngati mudathira 0.05 µg, mphamvu yake ndi 200 U/mg. Tsono taganizirani puloteni yofooka ka 1,000: kuti muone kutsika komweko mufunika 50 µg, botolo lonse m'cuvette imodzi. Masamu amenewa okha ndi okwanira kuonetsa chifukwa chake U49C siingakhale muyeso wa mphamvu ya enzaimu.

Ena akaona kuti palibe chikusuntha amawonjezera puloteni mpaka 10 µg, n'kuona kakutsika pang'ono, n'kunena kuti ikugwira. Chenjerani pamenepo. Puloteni yoyera 95 peresenti ili ndi 5 peresenti ya zina za bakiteriya, ndipo pa 10 µg zimenezo ndi 0.5 µg, zokwanira kudya NADPH kapena peroxide mwa njira zawo. DTT ya m'buffer, mankhwala oteteza ma cysteine ku mpweya, nayonso imalimbana ndi peroxide, n'chifukwa chake tati buffer yomweyo ilowe mu cuvette yopanda enzaimu. Mphamvu yoona imakwera molingana ndi muyeso wa puloteni, imatha mukawiritsa, ndipo imagwa mukathira mercaptosuccinate.

Zolakwika zambiri pa kuyesaku sizichokera ku puloteni koma ku mankhwala a pa shelefu. NADPH ya 0.2 mM iyenera kuwerenga pafupifupi 1.24 musanayambe. Ikawerenga 0.7, yawonongeka, ndipo imawonongeka msanga m'madzi a asidi ndiponso ikakhalitsa mu phosphate, choncho isungunulireni mu Tris ya pH 8, muigawe pang'onopang'ono, muiumitse. Nambala ikayamba kutsika musanathire peroxide, glutathione yanu yagwidwa ndi mpweya ndipo reductase ikuyamba ndi kukonza imeneyo. Sungunulani yatsopano tsiku lomwelo, muone pH yake chifukwa glutathione ndi ya asidi. Hydrogen peroxide imafooka m'botolo lotsegulidwa kale, makamaka m'chipinda chotentha: isungunuleni kufika 10 mM muiwerenge pa 240 nm mu cuvette ya quartz, iyenera kupereka pafupifupi 0.44. pH ikapitirira 7.5, glutathione ndi peroxide zimadyana zokha mwaliwiro ndipo cuvette yopanda enzaimu imatsika ngati ili ndi enzaimu. Mzere wa kutsika kwa nambala ukakhota isanathe mphindi imodzi, enzaimu yachuluka ndipo peroxide kapena NADPH yatha, sungunulani chitsanzo.

Kutentha kwa chipinda kumanyalanyazidwa kwambiri kuno. Labotale yopanda makina oziziritsa imakhala yozizira m'mawa wa Juni, n'kukhala ng'anjo masana a Okutobala, ndipo enzaimu imathamanga mosiyana pa nyengo ziwirizi. Zitsanzo zoyamba zikapimidwa nthawi yozizira ndipo zomaliza nthawi yotentha, mudzaona kukwera kumene sikudachokere ku chakudya cha anthu anu. Gwiritsani ntchito water bath, ndipo lembani kutentha kwake tsiku lililonse. Pa plate reader kumbukirani kuti kuwala sikudutsa 1 cm: pa 200 µL m'kabowo ka plate ya 96 n'pafupifupi 0.55 mpaka 0.6 cm, ndiye 6.22 ija iyenera kuchulukitsidwa ndi nambala imeneyo.

Ma kit ambiri amagwiritsa ntchito cumene hydroperoxide m'malo mwa hydrogen peroxide. Imachepetsa vuto la catalase, koma ma glutathione S-transferase ena amaidyanso ngakhale alibe seleniyamu, choncho pa zitsanzo za chiwindi imaonetsa mphamvu yoposa ya GPX yokha. Za azide: ndi poizoni woopsa, musaisakanize ndi asidi, ndipo musaithire m'sinki ya mapaipi a mtovu kapena a kopa.

Ofufuza za mankhwala azitsamba amvetsetse bwino apa, chifukwa ntchito zoyesa chammwamba, malambe ndi zomera zina ndi zambiri m'masukulu athu. Kuyesa ngati msuzi wa chomera ukukweza kapena kutsitsa mphamvu ya GPX1 pa puloteni ya U49C kulibe tanthauzo, popeza atomu imene mankhwala ambiri amagwirapo mulibe. Komanso misuzi yotere ili ndi mtundu umene umameza kuwala pa 340 nm, ndipo ina imaphwanya peroxide payokha. Popanda cuvette ya msuzi wokha wopanda enzaimu, zotsatirazo sizingakhulupirike ngakhale enzaimuyo itakhala yeniyeni.

Ulendo wake ndi kasungidwe

Mtengo umalembedwa m'madola, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, mtengo wa pa intaneti ndi gawo chabe la zimene mudzalipire. Kunyamula pa dry ice (carbon dioxide woundana) nthawi zina kumadula kuposa botolo lenilenilo. Bokosi limadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg lisanatere pa bwalo la ndege la Kamuzu, ndipo dry ice, imene imakhala pa −78.5 °C, imatha makilogalamu angapo tsiku lililonse. Pemphani kuti linyamuke Lolemba kuti lisagone panjira Loweruka ndi Lamlungu, konzekeretsani mapepala a kasitomu lisananyamuke, ndipo pewani masabata omaliza a Disembala. Ngati wogulitsa ali ndi mitundu iwiri, ya madzi ndi ya ufa, tengani ya ufa. Imapirira masiku angapo a kutentha, ndipo kwa ife kuno phindu limenelo limaposa china chilichonse.

Bokosi likafika, litseguleni pomwepo, mujambule chithunzi choonetsa ngati dry ice yatsala, chifukwa umboni umenewo ndi umene wogulitsa adzafune. Kabotolo ka madzi kamene kayenda pa dry ice kaikeni mu firiji ya −80 °C kwa masiku angapo musanakasungunule: mpweya wa carbon dioxide umalowa pa chivundikiro chosathina, ndipo ukasungunukira m'madzimo umatsitsa pH n'kuundanitsa puloteni.

Musanatsegule, zungulitsani kabotoloko pa centrifuge masekondi 30, poti theka la katundu wanu lingakhale litamatirira ku chivundikiro. Ya ufa, thirani 200 µL ya madzi oyera opanda tizilombo pa 50 µg kuti mupeze 0.25 mg/mL, muisiye mphindi 15, muisakanize ndi pipette modekha. Musaiike pa vortex. Thovu limaononga puloteni. Ya madzi kawirikawiri imabwera mu Tris-HCl 20 mM ya pH 8.0 yokhala ndi glycerol, mchere ndi DTT pang'ono. Igaweni m'timachubu ta 5 kapena 10 µL tosamatirira puloteni, kuti kachubu kalikonse kasungunuke kamodzi kokha. Mukaisungunula kutsika pansi pa 10 µg/mL onjezerani BSA (albumin ya m'magazi a ng'ombe) ya 0.1 peresenti, apo ayi pulasitiki idzamwa gawo lalikulu ndipo muyeso wanu wa ELISA udzaoneka wotsika popanda chifukwa chooneka.

Pimani kuchuluka kwake ndi Bradford. BCA imasokonezedwa ndi DTT ndipo imaonetsa nambala yokwera. Ngati wogulitsa adathiramo kale BSA, kupima kulikonse kudzaonetsa BSA yomweyo, ndipo pa gel mudzaona chimzere pa 66 kDa. Pa ntchito yodzutsa ma antibody kapena yomatika puloteni pa mikanda pemphani yopanda BSA, ndipo Tris muichotse kaye ngati mukumatika ndi NHS, mankhwala ogwira pa amine, chifukwa Tris nayonso ili ndi amine. Thirani 1 kapena 2 µg pa gel ya Coomassie: payenera kuoneka mzere umodzi wolimba. Timizere tambiri pansi pake tikutanthauza kuti yadukaduka panjira. GPX1 yopindika bwino imakhala mamolekyulu anayi ogwirana, choncho pa gel filtration imatuluka cha m'ma 90 kDa. Yotuluka kumayambiriro kwenikweni yaundana, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri pa puloteni imene idasungunulidwa ndi urea n'kupindidwanso.

Magetsi akazima, timachubu ta 5 µL ndi timene timayamba kusungunuka. Tiikeni m'bokosi m'kati mwenimweni mwa firiji, osati pa chitseko, ndipo gawani katunduyo m'mafiriji awiri, imodzi ikhale ya pa jenereta. Firiji ya kunyumba imene imadzichotsa yokha madzi oundana siyoyenera, popeza imadzitenthetsa kangapo patsiku. Kuti mudziwe ngati zidasungunuka usiku, umitsani madzi theka m'kachubu, mukatembenuze chadodolido, mukaike m'bokosi lomwelo. Tsiku limene mudzapeze madziwo atatsikira ku chivundikiro, mudzadziwa.

Pa maselo olimidwa m'labotale tinenepo mawu awiri. Puloteni ya mu E. coli imabwera ndi endotoxin, poizoni wa pa khungu la bakiteriya, wopimidwa mu EU. Muyeso wa pansi pa 1 EU/µg umene ambiri amalonjeza ukhoza kudzutsabe ma macrophage mukathira yochuluka. Ndipo GPX1 yothiridwa m'madzi a maselo siilowa m'kati mwawo yokha.

Zimene zingalowe m'malo mwake

Pa kuyeza mphamvu, GPX ya m'magazi a ng'ombe ndiyo yoyenera kuyerekezera. Pambali pake konzani chitsanzo chanu chokhazikika: maselo ofiira otsukidwa katatu ndi madzi a mchere a 0.9 peresenti, oswedwa ndi madzi ozizira, ogawidwa m'timachubu tambiri pa −80 °C, n'kumatsegula kamodzi tsiku lililonse lopima. Ngati ndi magazi a anthu, akhale m'kati mwa chilolezo chanu cha komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo. Mphamvu ya m'maselo ofiira imalembedwa pa galamu ya hemoglobin, ndipo ambiri amasungunula chitsanzo mu Drabkin kuti hemoglobin isasokoneze. Amene ali ndi maselo a munthu a m'labotale a HepG2 kapena HEK293 angawalime m'mbale ziwiri, ina yothiridwa sodium selenite 50 mpaka 100 nM kwa masiku atatu, ina ayi. GPX1 imakwera mooneka m'mbale yothiridwayo, pa blot ndi pa mphamvu yomwe, ndipo mumakhala ndi chitsanzo chokwera ndi chotsika cha enzaimu ya munthu yeniyeni pa mtengo wochepa.

Funsaninso ngati GPX1 ndiyo ikuyankha funso lanu. Maselo ofiira amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo GPX1 yawo imaikidwa pamene akupangidwa, choncho pa kafukufuku wa masabata asanu ndi atatu siidzakhala itasintha mokwana. GPX3 ya m'plasma imasintha msanga koma imafika pothera seleniyamu akadali wapakatikati. Selenoprotein P, imene chiwindi chimapanga ndipo imanyamula ma selenocysteine mpaka 10, imapitiriza kukwera GPX3 itaima kale, ndiye imaonetsa bwino ngati thupi lakhuta. Pa ICP-MS, choyerekezera ndi seramu yotsimikizidwa ya muyeso wodziwika, osati puloteni ya m'kabotolo aka.

Safunsa adadya phula. Musanatumize ndalama, lemberani wogulitsa mufunse amino asidi imene ili pamalo a 49 m'botolo lenilenilo, njira imene adaikira selenocysteine ngati akuti ilimo, zotsatira za mass spectrometry za gulu limene akutumizireni, ndi mphamvu yake mu U/mg pamodzi ndi peroxide, pH ndi kutentha kumene adapimira. Akayankha ndi manambala, mwapeza katundu woyenera mtengo wake wokwera, ndipo mudzamutsimikiza ndi cuvette yanu. Akangokutumiziraninso pepala lomwe lija, itengeni kuti ndi U49C, mugule kabotolo kochepetsetsa ka ufa. Pa 20 ng mzere uliwonse, 10 µg imakwana mizere 500 ya Western blot.